Geni ya pakhomo ku Kasungu: mmene maoda anga anachulukira

Ndimagulitsa ziwiya za kukhitchini ndi zoyala pabedi, koma shopu ndilibe. Katundu amakhala m'chipinda chimodzi kunyumba kwathu kuno ku Kasungu boma: mapoto, mafulasiki, mabakuli osungira chakudya kuti chisazizire, makontena a pulasitiki, mabedishiti, ndipo kukamayandikira chisanu ndimawonjezera madiveti ndi mabulangete. Ndimakapikula ku Lilongwe, cha ku Area 2 ndi ku Malangalanga, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1. Thiransipoti yopita ndi kubwera, kuphatikizapo ya katundu, imadya phindu ndithu, choncho ulendo uliwonse umafunika maoda okwanira kuubweza. Amayi anzanga a geni ngati yomweyi amandifunsa kawirikawiri kuti maodawo ndimawatola kuti, poti iwo amaika zithunzi pa status ya WhatsApp m'mawa uliwonse koma foni ili zii.

Status nanenso ndimaika, sindikuinyoza. Koma taonani mmene zimathera. Anthu amaona chithunzi, wina n'kufunsa kuti "zingati?", iwe n'kuyankha, kenako duu. Ukamukumbutsa akuti, "Ndikuuzani mwezi ukatha, sisi." Mwezi umathadi, wina n'kuyamba. Munthuyo sikuti ndi wabodza. Waona poto pa foni ali yekhayekha, sanamunyamule kuti amve kulemera kwake, m'thumba mulibe kanthu tsiku limenelo, ndipo palibe chomukakamiza kusankha lero. Komanso ife sitikonda kukana munthu pamaso, ndiye timangomuzengereza mwaulemu mpaka atatopa yekha.

Zinthu zinasintha chifukwa cha alamu anga, omwe amaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale mumsewu wopita ku Mtunthama. Anagula kwa ine seti ya mabakuli, aphunzitsi anzawo n'kuyamba kuwafunsa komwe anagula. M'malo mopereka nambala yanga kwa mmodzimmodzi, anandiimbira n'kunena kuti, "Mlamu, bwerani naye katunduyo Loweruka masana kunyumba kuno, anthu adzadzionere okha." Masana amenewo ndinalemba maoda oposa amene status inkandipatsa mwezi wathunthu. Katundu anali yemweyo, mitengo yomweyo. Kungoti anthu anali pakhonde la munthu amene amamukhulupirira, ankagwira katunduyo ndi manja awo, ndipo wina akati "ine mundilembe fulasiki," mnzake wapambali naye ankayamba kuwerengera zala.

Kuyambira pamenepo, chinthu chachikulu chimene ndimapempha kwa kasitomala ndi tsiku ndi khonde lake. Pakatha sabata munthu atatenga katundu, ndimamuimbira foni kumufunsa ngati poto uja akugwira bwino ntchito. Akayamikira, m'pamene ndimalowetsa nkhani:

"Amayi, ndimati ndipemphe khonde lanu. Muitane anzanu ochepa chabe, ine ndibwere ndi katundu adzaone. Wosafuna kugula asadandaule, adzangomwa tiyi. Nanga Loweruka likubwerali ndi linalo, lokukomerani ndi liti?"

Masiku awiriwo ndimawatchula dala. Mukafunsa kuti "ndingabwere liti?", yankho lake ndi "tidzaona," ndipo nkhani yathera pomwepo. Mukatchula masiku, munthu amasankhapo limodzi, apo ayi amakuuzani chifukwa chenicheni, monga chakuti kuli chinkhoswe kapena bambo sakonda gulu pakhomo, ndiye mumadziwa poyambira. Ndimafunsanso za mpingo wa anthu oitanidwawo, chifukwa a Seventh Day simungawapeze Loweruka, ndipo Lamulungu ambiri amamasuka cha m'ma 2 koloko masana. Tsiku la msika wa m'deralo ndimalipewa.

Si khonde lililonse lomwe limabala maoda. Anthu ambiri amathamangira kwa mayi wandalama wa nyumba ya mpanda, poganiza kuti anzake nawonso ndi andalama. Ine kumeneko ndinaona kuti alendo amakhala omangika, amakhala pa sofa manja ali pamiyendo, ndipo palibe amene amafunsa mtengo poopa kuoneka wosauka. Makonde abwino ndi aja anthu amasonkhanapo kale popanda kuitanidwa: kwa mayi woluka tsitsi, kwa telala, kwa msungichuma wa banki m'khonde, kwa anesi okhala kunyumba za chipatala, ku malayini a apolisi. Amayi a Chigwirizano, a mphakati ndi a Dorika nawonso amadziwana kwambiri, koma ine sinditsegula chikwama cha malonda pa msonkhano wa mpingo. Ndimapempha mmodzi kuti aitane anzake kwawo tsiku lina. Ukasakaniza ziwirizi, pamapezeka wina wokhumudwa ndipo dzina lako limaipa kumene sukumva. Anthu 6 mpaka 10 ndi okwana. Akapitirira pamenepo pamakhala phokoso, ana amagwetsa zinthu, ndipo sungathe kulankhula ndi aliyense.

Mwini khonde ayenera kudziwiratu chimene apindule, zisakhale za "tidzakuonani." Ine ndimamuuza poyambirira kuti mphatso yake idzatengera maoda amene alipiridwa, osati ongolembedwa. Tiyerekeze kuti pakhonde lake palipiridwa katundu wa K200,000: amasankha chinthu cha K15,000 pa mtengo wogulitsira. Ndimapereka katundu osati ndalama, chifukwa chinthu chimene iye akuchiona cha K15,000 ine ndinachipikula motsikirapo, ndiye tonse takondwa. Popeza mphatsoyo ikudikira kuti anzake alipire, iye mwini ndi amene amawakumbutsa, ndipo mawu ake amamveka kuposa anga. Shuga, masamba a tiyi ndi mandasi ndimanyamula ndekha. Musamusenzetse mwini nyumba mtolo wodyetsa alendo anu, mawa sadzakuitananinso.

Tiyi ameneyo ndi malonda kale. Ndimathira madzi owira mu fulasiki m'mawa ndisananyamuke, ndipo ndikafika ndimanena pamaso pa onse nthawi imene ndinathira. Tikamamwa cha m'ma 3 koloko, nthunzi ikutuluka, sindifunikanso kulankhula zambiri za fulasikiyo. Nsima ndimachita nayo chimodzimodzi m'bakuli. Poto ndimamupereka m'manja kuti ayende kwa aliyense, amugogode pansi, aone makulidwe ake. Pa mabedishiti ndimatenga yanga ya kunyumba imene yachapidwa kambirimbiri, n'kuiyala pambali pa yatsopano, chifukwa funso la mayi aliyense ndi lakuti, "Sizisuluka zimenezi?" Sindinyamula chipinda chonse. Chimodzichimodzi cha mtundu uliwonse n'chokwana, kuphatikizapo tizinthu totchipa monga makapu, masefa ndi timakontena, kuti amene wabwera ndi K2,000 nayenso abwerere ndi kanthu m'manja.

Mtengo ndimautchula mokweza kamodzi, ndipo ndi umodzi kwa onse. Amayi akabalalika amakafunsana, ndiye mukatsitsira mmodzi mwamseri, pofika mawa onse adziwa. Wogula zambiri ndimamuikira banyira ya kapu kapena sipuni yaikulu, mtengo osaukhudza.

Koma maoda enieniwo sindilembera pagulu. Ndimakhala pambali, m'chipinda chochezera kapena kuseri kwa nyumba, ndi kope langa, anthu n'kumabwera mmodzimmodzi. Pagulu pamachitika zinthu ziwiri. Wina amaitanitsa seti yaikulu kuti anzake amuone, koma sadzaitenga. Wina amafunitsitsa koma amachita manyazi kunena kuti angakwanitse pang'onopang'ono. Tikakhala awiri onsewa amanena zoona. Pamenepo m'pomwe ndimafunsa funso limene limandithandiza kuposa ena onse: "Ndidzabwere nazo liti kuti ndisadzakuvutitseni?" Yankho lake limandiuza nthawi imene ndalama imalowa m'nyumba mwake, ndipo ndimalemba pambali pa dzina lake.

Ndisanamange katundu ndimayesetsa kuti pakhale papezeka khonde lotsatira. Nthawi ya tiyi ija ndimakhala ndikuyang'ana amene akufunsa mafunso ambiri koma sakuitanitsa kanthu, makamaka ngati wachokera dera lina. Akabwera pambali ndimamuuza kuti, "Asisi, ndaona kuti diveti ija yakusangalatsani. Mutaitana anzanu kwanu ngati mmene achitira amayiwa, mbali ina ya mtengo wake ikhoza kuchokera pamenepo." Tsikulo timapanganiratu pomwepo, ndipo ndimapempha mwini khonde la lero kuti adzandiperekeze. Mphatso yake, ikakwana, ndimakamupatsira pamaso pa gulu latsopanolo. Ndi mmene ndinachokera ku Chankhanga n'kufika ku Mtunthama, ku Santhe, mpaka ku Nkhamenya, kumene ndinaphunzira kuti moni wa Chitumbuka amatsegula nkhope za anthu usanatsegule chikwama. Gulu limodzi sindilibwereza pasanathe miyezi itatu. Nyumba siigula mapoto mwezi uliwonse, ndipo ukawirikiza anthu amayamba kubisala akakuona.

Tsopano za masiku a ndalama, pakuti kuno ku Kasungu nkhani yagona pamenepa. Ndalama siilowa m'nyumba zonse nthawi imodzi, ndipo ikalowa siichedwa kutuluka.

Ogwira ntchito m'boma, aphunzitsi, anesi, apolisi ndi a kukhonsolo, amalandira kumapeto kwa mwezi. Ambiri amakhala atadulidwa kale ngongole malipiro asanafike, ndipo yotsalayo aeni ake ali pamzere: mwini nyumba, wa golosale, wa makala, fizi ya mwana. Pakatha masiku ochepa palibe chotsala. Choncho kwa iwowa ndimaonetsa katundu sabata yoti malipiro ali pafupi, mtima uli m'mwamba, n'kudzapereka tsiku lomwe ndamva kuti zalowa kapena mawa lake. Mukachedwa ndi sabata imodzi, mudikiranso mwezi.

Alimi a fodya ndi nkhani ina. Msika wa ku Chinkhoma umatsegulidwa kawirikawiri cha mu Epulo n'kuyenda miyezi ingapo. Fodya amagulitsidwa m'madola, ndalama imadzera kubanki patapita masiku, ndipo nthawi zambiri imafikira m'manja mwa bambo. Mlimi satumiza mabelo onse kamodzi, ndipo kwa amene analima pa kontirakiti, mabelo oyamba amathera kubweza ngongole ya feteleza ndi zipangizo zina. Ndalama ya pakhomo imaoneka pa mabelo apambuyo. Ndiye ine ndimapita kumidzi mu Malichi ndi Epulo, anthu akusankha fodya ndi kudinda mabelo. Amayi amasankhiratu zomwe akufuna, ndipo ngati bambo ali pakhomo ndimawapatsa moni bwinobwino n'kuwaonetsa, kuti pa tsiku la ndalama isadzakhale nkhani yachilendo. Ndimafunsa mosabisa kuti, "Bambo, ndiwerengere ulendo uti wa ku okushoni?" Abambo ambiri amakonda kufunsidwa choncho, ndipo akalonjeza pamaso pa akazi awo amachita manyazi kubwerera m'mbuyo. Amenewa ndi amene amagula zikuluzikulu, maseti a mapoto ndi madiveti awiriawiri. Koma muzifika msanga. Ndalama ya fodya ikagona pa boma masiku atatu, mudzamva mbiri yake yokha.

Soya ndi mtedza zimabweretsa ndalama yocheperapo, kuyambira cha mu Epulo mpaka Julayi, mavenda akamangirira masikelo m'ma trading centre. Ubwino wake ndi wakuti gawo lalikulu la ndalama ya mtedza limakhala m'manja mwa amayi eni ake, safunika kupempha kwa wina. Apa m'pamene makontena, mabeseni ndi mabedishiti amayenda. Ena amandiuza kuti ndalama alibe koma soya alipo. Ndimalandira, bola tiyeze pa sikelo yanga ndipo tigwiritse mtengo wa tsiku lomwelo pamsika wapafupi. Ndikasonkhanitsa matumba angapo ndimagulitsa pa boma, nthawi zina n'kupezanso kena pamwamba. Wosadziwa kuona soya wonyowa kapena wosakaniza ndi mchenga asayese njira imeneyi.

Madiveti ndi mabulangete ndimalemba maoda ake mu Meyi, chisanu cha Juni ndi Julayi chisanafike, chifukwa chikangofika mitengo ku Lilongwe imakwera ndipo mitundu yokongola imatha. Zotsatira za Sitandade 8 zikatuluka, ndimaimbira makolo amene ndikudziwa kuti ana awo asankhidwira ku sukulu zogonera konko. Sukulu zimatsegulira mu Sepitembala, ndipo mwana wa Fomu 1 amafunika bedishiti, bulangete, ndowa, mbale ndi kapu. Ndimamanga zonsezi pamodzi n'kutchula mtengo umodzi, kholo lisavutike kuyendayenda mumsika. Ophunzira a ku koleji ya aphunzitsi ya pa boma pano amafunanso zomwezo.

Anthu akakolola ndi kugulitsa, maukwati amachuluka mpaka Disembala, ndipo limodzi nawo zinkhoswe, ma bridal shower ndi ma kitchen top-up. Mkwatibwi sindimuvutitsa, ali ndi zambiri m'mutu. Ndimafufuza wapampando wa komiti ya amayi. Timakhala pansi n'kulemba zimene mkwatibwi alibe, ndipo aliyense wofuna kupereka mphatso amasankhapo pa mndandandawo, ine n'kumachonga. Mwakutero mkwatibwi salandira mafulasiki asanu opanda poto ndi mmodzi yemwe, zomwe tonse tinaziona zikuchitika. Anzake a kuntchito amasonkherana kugula seti yaikulu. Pa tsiku la mwambo mphatso zikamatsegulidwa, amayi amafunsana komwe zachokera, ndipo ndimabwerako ndi masiku a makonde atsopano.

Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, ndipo maoda ake ambiri amachokera kutali. Ana a kuno amene ali ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Blantyre ngakhale ku Johannesburg amafuna kutumizira amayi awo mphatso kumudzi, koma alibe wowatumira. Ambiri ndi amuna, ndipo mwamuna sanenerera mtengo kwambiri, chimene akufuna ndi chakuti chinthu chifikedi. Kumapeto kwa Sepitembala ndimauza makasitomala anga kuti auze alongo awo. Munthu amatumiza ndalama, ine ndimakulunga, kukapereka kwa amayi ake, n'kumutumizira chithunzi amayiwo atanyamula. Amene ndinamuchitira bwino mu Okutobala amabweranso yekha pa Khirisimasi.

Novembala ndi mwezi wa feteleza ndi mbewu, ndipo ine sindilimbana nawo. Ndimagwiritsa ntchito mwezi umenewu kukonzekera ma banki m'khonde, poti magulu ambiri amagawana ndalama zawo mu Disembala. Mayi amene wakhala akuponya masheya chaka chonse amafuna kugula chinthu chooneka, choti aziloza kuti ichi ndi cha ku banki m'khonde. Ndimapempha gulu kuti lindipatse mphindi zochepa likamaliza msonkhano, ndimaonetsa katundu, ndimalemba maoda, ndipo ndimafunsa tsiku logawana. Tsikulo ndimakhala panja ndi katundu wolembedwa mayina. Ndalama imachoka m'mbale ya gulu n'kufika kwa ine isanakaone kunyumba.

Za ngongole ndinene mosapsatira. Maoda ochuluka opanda dipoziti ndi chiphaso cha kugwa. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Ife a geni tinaona ndi maso tanthauzo lake: amene anali atakongoza katundu wambiri anatolera ndalama zawo bwinobwino, koma atafika nazo ku Lilongwe sizinagulenso katundu wofanana ndi amene anatuluka. Mpamba unachepa munthu asanabedwe ndi aliyense. Pajatu akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Lamulo langa tsopano ndi lakuti oda imalowa m'kope ndi theka la mtengo. Amene sangakwanitse theka amaponya pang'onopang'ono, koma katundu amakhala kwa ine mpaka atamaliza, ndipo mtengo ndimausunga kwa malipiro awiri okha. Akapitirira pamenepo timawerengera mtengo watsopano. Ndimanena zimenezi poyamba pomwe, ndipo ndalama iliyonse imene wapereka timalemba m'kope langa ndi pa kapepala kake.

Ndinkayembekezera kuti dipoziti ithamangitsa anthu, koma inangochotsa aja ongoyesa. Munthu amene waikapo ndalama yake amakuimbira yekha kufunsa kuti katundu afika liti. Achibale ndiwo ovuta. Kwa iwo ndimangoti, "Azakhali, ndalama imeneyi si yanga, ndi ya katundu wa anthu," ndipo ndi zoonadi.

Khalani ndi Airtel Money ndi Mpamba zonse ziwiri, kuti munthu asapeze chonamizira, ndipo mugwirizane msanga za amene alipire yotapira. Uthenga wonena kuti mwalandira ndalama musaukhulupirire musanaone balansi nokha pa *211# kapena *444#. Akuba amatumiza mauthenga ofanana ndi enieni, kenako n'kuimba kuti atumiza molakwika muwabwezere.

Katundu wosasweka wopita ku Chamama, ku Chatoloma kapena ku Jenda ndimatumiza pa minibasi kapena pa kabaza wa njinga yamoto amene ndimamudziwa, nditalemba nambala ya galimoto ndi foni ya dalaivala n'kutumizira wolandira. Mafulasiki ndi zagalasi ndimapita nazo ndekha. Fulasiki iliyonse ndimaiyesa kunyumba: ndimathira madzi owira madzulo, m'mawa n'kuona. Pa katoni imodzi simulephera kupezeka ina yosasunga kutentha, ndipo ndi bwino ipezeke kwa ine kusiyana n'kuti ikapezeke kwa kasitomala. Ikadutsabe, ndimasintha msanga popanda kukangana. Pa geni ya makonde, dandaulo limodzi limayenda gulu lonse, ndipo amene amachita manyazi kwambiri ndi mwini khonde amene anakuitanirani anzake. Iyeyo ndi amene ndimamuteteza.

Masiku opangana amalephereka ndithu. Kukatsala tsiku limodzi ndimaimba foni, sindidalira uthenga wa pa WhatsApp chifukwa bandulo imatha ndipo munthu amadzauona patapita masiku. Ndimafunsa mwini khonde kuti anthu amene atsimikiza ndi angati, ndipo ngati ndi ochepa ndimamupempha kuti aliyense abwere ndi mnzake mmodzi. Kukagwa maliro m'deralo, palibenso zokambirana. Ngati ndi pafupi ndimapita kukakhuza ngati wina aliyense, za malonda osazitchula n'komwe, ndipo tsiku lina timadzapangana pakapita sabata kapena ziwiri. Nyengo ya mvula misewu ya fumbi yolowera kumidzi imavuta, ndiye makonde akutali ndimawaika m'miyezi ya chilimwe.

WhatsApp ndiye imagwira ntchito yotani? Kwa ine ndi yokumbutsa anthu amene tinaonana kale. Pa status ndimaika kwambiri zithunzi za katundu amene wafika kwa mwini wake, nditapempha chilolezo, ndi uthenga wonena tsiku limene ndikupita ku Lilongwe kuti ofuna kuitanitsa afulumire. Tsiku lotsekera maoda limadzutsa anthu amene akhala akuzengereza. Katundu watsopano akabwera sindimwaza kwa onse. Ndimatsegula kope n'kuona amene anafunsapo za chinthu chimenecho, n'kumutumizira yekha ndi mawu apakamwa, poti ena kuwerenga kumawavuta ndipo mawu amamveka aulemu kuposa zolemba. Kulowetsa anthu m'gulu la WhatsApp osawapempha kumangokwiyitsa.

Pali chinthu china chimene amayi a geni amakumana nacho akayamba kudziwika. Amabwera anthu ovala bwino kudzakuuzani kuti muli ndi luso, lowani kampani yawo, mulipire ndalama yolowera, mukokenso anzanu kuti muzilandira kuchokera kwa iwo. Alipo makampani oona amene amagulitsa katundu kudzera mwa anthu m'makomo. Koma funsani funso limodzi: kodi ndalama ikuchokera pa katundu amene anthu akugula n'kugwiritsa ntchito, kapena pa ndalama zolowera za anthu atsopano? Ngati ndi pa zolowera, thawani. Reserve Bank of Malawi yakhala ikuchenjeza za magulu otere. Chimene anthuwa akufuna kwa inu ndi makonde aja munawapeza movutikira, ndipo zikadzagwa, amayi amene munawakoka adzabwera pakhomo panu, osati pa ofesi ya kampaniyo.

Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowuma. Fizi yatenga zake, chimanga chakwera mtengo, anthu ali kumunda kupalira ndi kubandira, ndipo m'nyumba zambiri nkhani ndi ya ufa. Kukakamiza malonda nthawi imeneyi ndi kudzipangira adani ndi ngongole zosabwezedwa. Ndimachepetsa maulendo a ku Lilongwe, ndimagulitsa tizinthu tating'ono kwa a malipiro a pamwezi, ndipo mpamba wotsala ndimausunga mu katundu wosawonongeka monga mapoto, osati mu ndalama yongokhala. Nthawi yambiri ndimaithera pa kope: kuona amene anagula chiyani chaka chatha, amene mwana wake ali mu Sitandade 8, amene anatchula za ukwati wa mng'ono wake, magulu amene sindinawayendere kwa nthawi. Kenako ndimayenda kukacheza kwa eni makonde, chimanjamanja kapena ndi kapaketi ka shuga, kukaona mmene fodya ndi soya zikuchitira m'munda. Pocheza pomwepo timapangana Loweruka la mu Malichi kapena Epulo. Ndikamakwera basi ya ku Lilongwe kumapeto kwa Malichi, katundu wambiri amene ndikukapikula amakhala ali kale ndi dzina la mwini wake m'kope, ndipo thiransipoti imachokera pa madipoziti awo.